Madamu Akuti

Pachitseko cha firiji, m'nyumba imene Asiyatu ankagwirako ntchito ku Bin Mahmoud mumzinda wa Doha, ku Qatar, panali pepala lokutidwa ndi pulasitiki, lokhala ndi malamulo khumi ndi anayi a kaleredwe ka mwana. Analemba malamulowo ndi mayi wina wodzitcha katswiri wa ana, amene Asiyatu anamuonapo kamodzi kokha. Anabwera ndi zikhadabo zazitali zopaka utoto wofiira, anakhala pasofa n'kumwa khofi, mwana osamukhudza ndi chala chomwe, kenaka anasiya pepala lakelo n'kumapita. Ndi zikhadabo zoterozo munthu sangasinthe thewera, koma m'nyumba zosanjikizana za ku Doha nzeru zolerera ana amakazitenga kwa anthu a mtundu umenewo.

Madamu, mayi ake a mwanayo, ankalikhulupirira pepalalo ndi mtima wonse. Anali mayi wophunzira, wochoka m'mawa kupita ku ofesi n'kubwerako dzuwa litapendeka, ndipo nkhanza analibe, tisawanamizire. Vuto lawo linali lakuti mwana wawo yemwe, Sami, ankamugwira mwamantha ngati mbale yagalasi yobwereka. Mwana akayetsemula ankathamangira kufiriji kukaona kuti pepala likuti chiyani. Akakana phala, kufiriji. Akaseka nthawi imene pepala linati azikhala ali mtulo, ankada nkhawa.

Asiyatu naye anali ndi mwana, dzina lake Upile. Anamusiya ku Bangwe ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, kadzino koyamba kakungotuluka kumene. Bambo wa mwanayo anali atatchona ku Joni mimba isanaoneke n'komwe, choncho amene anatsala naye ndi Shakira, mng'ono wake wa Asiyatu, wogulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Bangwe. Tsiku lonyamuka, pa depoti ya mabasi ku Wenela, Asiyatu anamasula chitenje n'kusamutsa mwana ali mtulo kuchoka pamsana pake kupita pamsana pa Shakira. Chitenje chakecho anachipinda chikadali chofunda n'kuchiika m'chikwama. Tsopano panali patatha chaka ndi miyezi isanu ndi inayi, ndipo m'nthawi yonseyo panali chinthu chimodzi chimene ankachilakalaka kuposa tulo, kuposa tchuthi cha Lachisanu: kumva Upile akumuitana kuti amama. Anali asanamvepo.

Poti manja anali kutali, Asiyatu anaganiza zolera mwana wake ndi pakamwa. Anajambula pepala la pafiriji lija ndi foni, n'kuyamba kulimasulira lamulo limodzilimodzi m'mauthenga a mawu opita kwa Shakira. Ankawajambula akusita, akutsuka mabotolo, ngakhale ali m'chikepe potsika kukataya zinyalala. Uthenga uliwonse unkayamba chimodzimodzi.

"Madamu akuti mwana asamadye sugar mpaka two years, ndiye tiyi umamupatsa uja khalasi, basi, asiye."

"Madamu akuti mwana azikhala ndi schedule. Kudya nthawi yake, kugona nthawi yake, osati pamene wafunira mwini wake."

"Madamu akuti kutafunira mwana chakudya ndi umve, ma-germs onse a m'kamwa mwako ukumupatsira."

"Madamu akuti mwana asamaberekedwe kumsana. Miyendo imachita matewe, komanso amakula wosadziimira payekha."

Ena mwa mauthengawo ankatalika mpaka mphindi zisanu ndi zinayi. Ndipo analamula kuti Shakira asamawamvere kukhutu, aziwatsegula pasipika Upile ali pomwepo, kuti mwanayo azizolowera mawu a mayi ake. Shakira ankayankha mawu awiri okha, "Chabwino achemwali," nthawi zina n'kuwonjezapo kachithunzi ka chala chachikulu. Asiyatu akaona yankho limenelo ankaika foni m'thumba la yunifolomu mtima uli m'malo, akudzimva kuti walera.

Kunena zoona, ena mwa malangizowo anali abwino: kusamba m'manja, madzi owiritsa, katemera osadumphitsa. Koma amenewo Shakira anali atawamva kale kusikelo kwa alangizi a zaumoyo, popanda pulasitiki. Otsalawo anawalembera mwana wokhala ndi chipinda chakechake, bedi la mipanda ndi makina oziziritsa m'nyumba. Upile ankagona pamatiresi amodzi ndi Shakira m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi, ndipo ankaswera pamsika, pamene mawilibala ndi njinga zamoto zimalimbirana kanjira kamodzi. Mwana wosaberekedwa pamalo oterowo umuika pati, m'dengu la anyezi? Funso limeneli Asiyatu sanadzifunsepo, chifukwa munthu amene wakwera ndege kamodzi amaona ngati otsala pansi onse ndi ana asukulu.

Ulaliki wakewo sunathere kwa Shakira yekha. Pagulu la pafoni la amayi a ku Malawi okhala ku Doha, wina akangoti mwana wake kumudzi akutsegula m'mimba kapena akuvuta kusiya bere, Asiyatu anali atafika kale ndi lamulo ndi nambala yake. Anzake anamupatsa dzina loti Anesi. Iye analilandira ndi manja awiri, osamva kuti m'dzinamo muli mchere.

Chokometsa nkhani n'chakuti lamulo lachisanu ndi chimodzi, loletsa kubereka lija, mlalikiyo ankaliphwanya yekha tsiku ndi tsiku. Pepala linkati nthawi ya tulo ta masana ikakwana, mwana mumugoneke m'bedi lake, mutseke chitseko, akalira muwerenge mphindi zisanu musanalowe, ndipo mukalowa mungomusisita, osamunyamula. Tsoka ilo Sami sanawerengepo pepalalo. Ankalira mpaka kusanza, nkhope ili psuu. Sabata yoyamba Asiyatu anaima kunja kwa chitseko akuyang'ana wotchi. Sabata yachiwiri anamutola mwanayo n'kulowa naye m'kachipinda kochapira zovala, komwe kunalibe kamera, anamuponya kumsana n'kumanga chitenje cha ku Wenela chija. Makina ochapira akuzungulira, iye akudzigwedeza pang'onopang'ono, mwana anagona kulira kukadali pakamwa. Kuyambira tsiku limenelo zinakhala choncho. Akagona ankakamutsitsira m'bedi muja mwakachetechete, ndipo Madamu akasuzumira pafoni yawo ali ku ofesi ankaona mwana ali gone, ndendende mmene katswiri analonjezera. Pobwera madzulo ankasisita pepala la pafiriji n'kunena kuti mayi uja ndi mphatso yochokera kwa Mulungu.

Mwana saiwala msana umene wauzolowera. Sami atayamba kuyenda ankamulondola Asiyatu paliponse, kumukoka siketi uku akuti, "Beleka, beleka." Tsiku lina anatero Madamu ali pomwepo. Asiyatu thukuta linamutuluka ngakhale m'nyumbamo munkazizira, poganiza kuti chinsinsi cha kochapira chaululika. Koma Madamu anagwira pachifuwa, misozi ili lengelenge.

"Wamva, Asiya? Akuti baraka. Mwana wanga mawu ake oyamba ndi baraka."

M'Chiarabu baraka ndi madalitso. Madamu anaimbira amuna awo, anaimbira amayi awo kwawo, anamujambula mwanayo akukoka siketi ya wantchito n'kumapempha madalitso, kanemayo n'kumutumiza kwa katswiri wa zikhadabo uja. Asiyatu anangoti, "Mashaallah, Madamu," n'kuthawira kukhitchini kukasekera m'kansalu kopukutira mbale.

Lachisanu lotsatira nkhaniyo anakaitula kwa Dorcas. Dorcas anali mayi wa ku Ntcheu, wamkulu kwa Asiyatu ndi zaka khumi ndi zingapo, wokonza zipinda pahotela ina ku Msheireb. Awiriwa ankakumana pabenchi ina mkati mwa siteshoni ya sitima za pansi panthaka, poti dzuwa la kumeneko silicheza ndi munthu.

"Asisi, ine zitsiru ndaziona, koma chitsiru chophunzira ndi china," anatero Asiyatu akupukuta misozi ya kuseka. "Mwana akupempha msana wanga, mayi ake akuitana dziko lonse kuti baraka. Wallahi mwana uja mayi ake sawadziwa. Akagwa amathamangira kwa ine, iwo ali pomwepo atatambasula manja. Ndiye munthu azidzitcha mayi pamenepo?"

Dorcas anaseka pang'ono chabe, kuseka kwa munthu amene anasiya ana atatu kumudzi zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. "Nanga iwe, Upile ukamuimbira mumakamba zotani?"

"Ndimamu-checka. Zikhadabo, mano, ngati wanenepa."

"Umamuimbirako kanyimbo? Kapena kubisa nkhope kuseri kwa chikhatho kuti aseke?"

"Asisi, video call imadya data, sitingamathere nthawi pamasewera. Pali zofunika."

"Chaona mnzako chapita," anatero Dorcas, mwambiwo n'kuusiyira pomwepo.

Asiyatu anamuyang'ana mwachifundo. Mumtima anati mayiyu wakalambira kuyala mabedi a alendo, za ana amakono angazidziwe bwanji.

Sami atakwanitsa zaka ziwiri, katswiri anatumiza pepala lachiwiri. Limeneli linali ndi mawu makumi asanu amene mwana wa msinkhu umenewo ayenera kumatchula, liwu lililonse ndi kabokosi kake kochongamo. M'munsi munali mizere yofiira yochenjeza kuti mwana wopitirira zaka ziwiri amene sakutchula mawu amenewa, kapena kulumikiza mawu awiri, apite naye msanga kwa akatswiri ena. Akatswiri amadziwa kupatsirana ntchito. Madamu ankachonga timabokosito madzulo alionse, ndipo baraka anamuwonjezera okha ndi cholembera pansi penipeni.

Asiyatu anaiwerenga mizere yofiirayo katatu, ataima pafiriji ndi botolo la mkaka m'manja. Upile anali wamkulu kwa Sami ndi miyezi inayi. Ndipo pamafoni onse amene anaimba, mwanayo anali asanatulutsepo liwu ngakhale limodzi. Zinkayenda chimodzimodzi nthawi zonse: Shakira ankamupukuta kukamwa, kumukhazika pamiyendo, n'kumulozetsa foni. Upile ankaiyang'ana nkhope ya Asiyatu ali ndwii, chala m'kamwa, kenaka n'kutembenuka kubisa mutu pachifuwa cha Shakira. "Amalankhula, achemwali, kungoti manyazi," Shakira ankatero, ndipo Asiyatu ankavomera poti ankathamangira kufunsa za shuga. Tsopano mawu akuti manyazi anamveka ngati bodza limene akhala akumunamiza kwa chaka chathunthu.

Anachita mantha, mantha enieni a kholo. Masana amenewo, Sami ali kumsana m'kachipinda kochapira, anaganiza za Upile akukula wosalankhula, ana anzake akumuseka pamjigo, iye mayi wake ali kuno kugoneka mwana wa eni. Analira mosatulutsa mawu kuopa kudzutsa Sami. Koma munthu wamantha amene ali kutali amasakasaka womukalipira, ndipo Shakira anali pafupi, m'thumba la yunifolomu momwemo. Anatulutsa foni n'kudina.

"Madamu akuti mwana wa two years azidziwa fifty words. Fifty. Wakoyo ngakhale limodzi. Ndi kubereka kwako komweko, mwana tsiku lonse amangoona kumbuyo kwa khosi lako, alankhula ndi ndani? Ndakhala ndikukuuza koma iwe chabwino achemwali, chabwino achemwali, kumbali ukuchita zako. Tamvera tsono. Friday ndiimba ndili ndi list m'manja. Akapanda kunena mawu ten okha, ndalankhula kale ndi alamu a ku Chilomoni, adzamutenga. Kumeneko kuli mpanda, kuli nursery, azikaphunzira ngati mwana wa munthu."

Anatumiza uthengawo uku akudzigwedeza kuti wa kumsanayo asadzuke. Sanadzimve n'komwe kuti wanena kuti wakoyo. Alamu a ku Chilomoniwo anali mchemwali wa bambo wotchona uja, mayi amene anamuonapo Upile kawiri, kachiwiriko pamaliro.

Koyamba chiyambire, "Chabwino achemwali" sanabwere. Foni inaonetsa kuti uthenga wamveredwa, kenaka zii tsiku lonse. M'mawa mwake Shakira analemba kuti, "Lachisanu nthawi yanji?"

Masiku atatu otsatirawo Asiyatu anakonzekera ngati mphunzitsi wolemba mayeso. Anang'amba pepala m'kope la Madamu lolembamo zogula, n'kukopera mawu makumi asanu aja m'Chichewa, timabokosi take n'kujambula bwinobwino ndi m'mphepete mwa chivundikiro cha bokosi la tiyi. Loyamba linali amama. Lachiwiri, ababa, analilemba n'kulifufuta. Kenaka madzi, mpira, galu, nsapato, mkaka, galimoto. Ena anamuvuta. Pamndandanda wa katswiri panali kachidole kaubweya kamene ana a kumeneko amagona nako, ndipo Asiyatu, posafuna kuchotsa kanthu pa nzeru za eni, analemba ndithu kuti chimbalangondo, liwu limene iye mwini anayamba kulitchula bwino ali Sitandade 5.

Lachisanu masana anakhala pabenchi yawo ija ku Msheireb, pepala pabondo, cholembera m'manja. Dorcas anamuitana kuti akhale mboni, kuti mawa wina asadzati mwana anamulanda popanda chifukwa. Dorcas anabwera, koma nkhope yake inali ya munthu woperekeza mnzake kwa dokotala wa mano.

Foni italumikizika, anaona kuti Shakira sanapite kumsika. Anali atamusambitsa Upile, kumudzoza mafuta mpaka chipumi chikuwala, n'kumuveka diresi lapinki la zingwezingwe limene Asiyatu anatumiza kuchokera ku Doha, pamodzi ndi nsapato zake zoyera. Mwanayo anamukhazika yekha pampando wapulasitiki, timiyendo tikulendewera. Shakira anagwada pambali pake atagwira foni.

Asiyatu mtima unasungunuka. Mwana anali wokongola, masaya ake enieni a malemu amayi awo a Asiyatu ndi Shakira. Akanangonena zimenezo mwina tsikulo likanatha mwina. Koma pepala linali pabondo.

"Upile, habibti, wokondedwa wanga, tandiyang'ana kuno. Nena kuti a-ma-ma."

Upile anayang'ana foni, anayang'ana Shakira, chala n'kulowa m'kamwa.

"Chotsa chala. Chabwino, tiyeni china. Madzi. Ma-dzi. Yala, tiye, nena."

Palibe chinatuluka. Sitima inafika m'munsi, anthu anatsika, ena anakwera, mwana ali duu.

"Tanena, Upi, usaope," anatero Shakira motsitsa. "Timamwa chiyani tikamva ludzu?"

"Usamuuzire. Madamu akuti mwana osamamuuzira, aziyankha yekha."

Atangomva zimenezo, Upile milomo inayamba kunjenjemera. Anatsetsereka pampando paja, nsapato imodzi n'kuvuka, anazungulira kuseri kwa Shakira n'kuyamba kukwera pamsana, timanja titakola m'khosi.

"Ukuona?" anatero Asiyatu, mawu akukwera mpaka mlonda wa pasiteshoni anacheuka. "Ukuona zimene ndimanena zija? Mwana wamupundula ndi chitenje. Ngakhale kukhala pampando five minutes sangathe."

"Achemwali, mwanayu ali bwinobwino. Buku lake la kusikelo ndinakujambulirani, mzere ukukwera."

"Sindikufunsa za kulemera, si nkhuku iyi. Ine ndili kuno kutsuka zimbudzi za anthu chifukwa cha mwana ameneyo, iwe ntchito yako n'kungotsatira ma-instructions basi, koma zikukukanika. Sindikudabwa. Iwe sunaberekepo, sungadziwe. Mwana ameneyo ndinabereka ndine."

Dorcas anatseka maso. Ku Bangwe kuja Shakira anayang'ana mkulu wake, dzanja lina atalipinda kumbuyo kuchirikiza mwana kuti asagwe. Mtsikanayu chibadwire anali asanabwezepo mawu kwa Asiyatu. Atalankhula, sanakweze mawu.

"Zoona, achemwali. Munabereka ndinu, tsiku limodzi lija Lachiwiri, kuchipatala ndinalipo, madzi ndinkatunga ndine. Ine ndakhala ndikubereka kuyambira pa Wenela paja mpaka lero, m'mawa uliwonse, ndi malungo omwe. Ndiye alamu anuwo muwauze abwere ndi chitenje cholimba, chifukwa popanda msana sagona."

Shakira anaika foni patebulo mwamphamvu. Nkhope zonse zinasowa, pagalasi panatsala malata a denga ndi mtanda umodzi wakuda ndi utsi. Ngati anaiwala kudula kapena anasiya dala, akudziwa ndi Shakira yemwe.

Asiyatu anapumira m'mwamba, chala chikupita pakabatani kofiira. Anali atayamba kale kukonza m'mutu uthenga wopita ku Chilomoni. Dorcas anamugwira pamkono.

"Tadikira."

M'fonimo munamveka munthu akufwenthera. Kenaka chitenje chikukutumulidwa, kenaka kaphokoso kodziwika kwa mayi aliyense, ka nsalu ikukokedwa n'kumangidwa pachifuwa. Ndiyeno kunatuluka kamawu kakang'ono, komveka bwino ngati kabelu ka njinga.

"Amama, a Madamu apita?"

"Apita," anayankha Shakira ndi mawu a m'mphuno.

"Akalipa a Madamu. Amama osalira. Vula diresi, ikuyabwa. Nsapato yagwa, iyo. Ndifuna madzi."

"Ndikupatsa, dikira."

"Madzi ambiri. Tipite kumsika, amama. Galu ali panja. Galu watenga mpira wanga, ndimumenya."

Choyamba kumufika Asiyatu chinali chimwemwe, chachikulu moti anagwira pakamwa. Mwana wake ankalankhula. Osati mawu awiri olumikiza a katswiri aja, koma nkhani yathunthu, ya mutu ndi mchira. Dzanja linayamba lokha kuchonga: nsapato, madzi, galu, mpira. Linachonga diresi, linachonga panja, ndi mawu enanso angapo. Kenaka tanthauzo la zimene anamva poyamba zija linamupeza, ndipo cholembera chinayamba kulemera.

"Upi," anamveka Shakira, "ndakuuza kangati? Aja si a Madamu. Aja ndi amayi ako, amene anakugulira diresi."

"Ayi. A Madamu."

"Ndi amayi ako, achemwali anga. Tanena, amama a ku Doha."

Upile anaseka, kuseka kwa mwana amene wagwira wamkulu akunama. Kenaka anakweza kamawu kake, n'kukaumitsa, n'kukatulutsira m'mphuno. "Madamu akuti. Madamu akuti. Khalasi." Anatengera zonse, ndi kapumidwe komwe. Asiyatu anadzimva yekha akulankhula kuchokera pamsana pa mng'ono wake, ndipo manyazi amene anamugwira sanawamvepo chibadwire. Mwana anali atazolowera mawu a mayi ake, monga momwe analamulira.

Mawuwo anayamba kutalikira, chitseko chinalira, kenaka kunangotsala malata. Patapita kanthawi foni inaduka yokha.

Asiyatu anaika foni pabenchi, pakati pa iye ndi Dorcas. Pafupi nawo panadutsa mayi wina akukankha mwana m'kangolo, wantchito wake akutsatira pambuyo ndi zikwama. Dorcas anasuzumira papepala lija n'kuwerenga ndi chala, milomo ikuyenda.

"Apitirira ten," anatero. "Alamu aja uwauze asavutike."

Asiyatu anagwedeza mutu kuvomera. Maso ake anali pamwamba penipeni pa mndandanda, pakabokosi koyamba, kamene kanali kakadali kopanda kanthu. Liwu limenelo analidikira chaka ndi miyezi isanu ndi inayi, ndipo lero analimva katatu, lomveka bwino, lopanda chibwibwi. Anawerenganso mutu wa pepalalo mmene anaukopera kwa katswiri: chongani liwu lililonse limene mwana watchula. Pepala silinafunse kuti mwanayo amauza ndani.

Anachonga.